Khomo la Ng'ombe

Rowland anagwa m'khitchini ya fulati yawo ku Partick m'mawa wa Loweruka, akukulunga makapu m'manyuzipepala. Iye ndi mkazi wake Ketrina anali pakalikiliki wolongedza katundu, chifukwa nyengo yozizira ikangotha amayenera kuchoka ku Glasgow kukakhala ku Wales, kunyumba ya makolo a Rowland. Ketrina anamva kapu ikuphwanyika ali kubafa. Anamupeza atagona chammbali pakati pa firiji ndi tebulo, pakamwa patapotokera mbali imodzi, maso ali tong'o.

Anyamata a ambulansi anavutika kumutsitsa. Fulatiyo inali pamwamba penipeni pa mdadada wakale wopanda chikepe, ndipo Rowland anali munthu wa thupi, yemwe anathera unyamata wake akuwotcherera zitsulo za sitima zapamadzi ku Govan. Anamutengera kuchipatala chachikulu cha ku Govan komweko. Madokotala anati ndi sitiroko, mbali yakumanja yafa, ndipo za kuyenda asayembekezere zambiri.

Ketrina anakulira ku Zomba, mwana wa kalipentala. Anabwera ku Glasgow ali mtsikana kudzaphunzira kujambula mapulani a nyumba, ndipo mtima wake unakakamira pa nyumba zakale, zija ena amafuna kungozigwetsa. Ndi Rowland anakumana kutchalitchi, tsiku lomwe anabwera kudzawotcherera geti lomwe linathyoka. Amalawi a mumpingomo anayamba kumutchula kuti alamu ukwati usanachitike n'komwe. Anabereka mwana mmodzi, Jessica, yemwe tsopano anali wamkulu, akugwira ntchito kubanki.

Masabata oyamba Rowland sanayankhule. Mawu atayamba kubwerera, anabwera m'Chiwelishi, chiyankhulo cha ubwana wake chomwe kwa zaka zambiri ankachigwiritsa ntchito pafoni pokha. Chingerezi chinangoti zii. Manesi ankamwetulira n'kumagwedeza mutu. Jessica ankalira, chifukwa sankadziwa liwu ndi limodzi lomwe. Ketrina ankadziwako pang'ono, koma Chiwelishi chake chinali cha pa ntchito, mayina a zigawo za nyumba basi. Ankadziwa kuti beudy ndi khola la ng'ombe, simdde ndi chumuni. Ankadziwanso liwu lomwe Rowland ankalibwereza akangomuona akulowa mu wodi: adref, kutanthauza kumudzi.

Tsiku lina mayi woona za mafizo anamuitanira Ketrina m'kaofesi. Anati nthawi yotuluka ikuyandikira, ndipo popeza fulati ya pamwambayo n'njosatheka, amve za nyumba inayo ya ku Wales. Anafunsa ngati chikuku cha olumala chingalowe, ngati pansi pali posalala, ngati bafa ndi chipinda chogona zili pansi. Ketrina, yemwe ankatha kufotokoza za nyumbayi madzulo onse osatopa, anayankha kuti ayi pa funso lililonse.

Nyumbayo inali m'mapiri a pakati pa Wales, kumapeto kwa kamsewu kamiyala. Inali yaitali ndi yopapatiza, yomangidwa motsetsereka ndi phiri zaka mazana angapo zapitazo. Anthu ankakhala kumtunda, ng'ombe kumunsi, onse pansi pa denga limodzi. Khomo lakunja linali limodzi, lalikulu moti ng'ombe yabere inkadutsa bwinobwino, ndipo linkalowera mumpita wodula nyumbayo pakati. Ukalowa, kumanzere kunali khola, pansi pake potsetsereka kuti ndowe ndi mkodzo zizitsikira kunja. Kumanja kunali sitepe yamwala yaitali kufika m'mawondo, kenaka kakhomo kopapatiza komata ku chumuni, koti munthu wamtali aweramire. Kuseri kwa kakhomoko ndiye kunali kwa anthu: pabalaza pokhala ndi malo osonkhapo moto aakulu moti munthu n'kukhalamo ndi mpando, makoma amiyala ochindikala kuposa mkono, mawindo ang'onoang'ono, ndi mitanda ya thundu yopindika, yochokera pansi n'kukakumana kudenga ngati nthiti. Kogona kunali pamwamba, kokwera ndi masitepe amiyala ozungulira kuseri kwa chumuni.

Koma Ketrina atapita koyamba ngati mtengwa, nyumbayo sinkaoneka choncho. Apongozi ake aamuna, a Norman, anali atathira konkire pansi ponse, atapaka simenti makoma, atatseka chumuni ndi mabolodi. Miyendo ya akazi awo a Eva itayamba kukana, anaboola khoma lakumbuyo n'kumanga chipinda cha mabuloko, chokhala ndi bafa ndi chitseko chake chachikulu chotulukira panja. A Eva anakhala m'chipinda chimenecho pa chikuku mpaka tsiku lawo lomaliza.

Makolo onse atamwalira, Ketrina anaboola simenti pakona ina n'kupeza miyala ili chinyontho, tsinde la mtanda umodzi litafumbwa moti chala chinkalowa. Simentiyo inatsekera madzi m'kati. Kuyambira pamenepo tchuthi chawo chonse chinathera ku Wales. Anagumula konkire, pansi pake n'kupeza miyala yaphanthiphanthi yakale. Anamata makoma ndi laimu kuti azipuma. Anatsegula chumuni. Ntchitoyi inawatengera zaka zoposa khumi, ndipo Rowland ankaigwira mokondwa, akuimba nyimbo za kutchalitchi kwawo.

Anasiyana maganizo pa chinthu chimodzi chokha. Rowland anati chipinda cha amayi ake achisiye, popeza nawonso akukula. Ketrina anamusonyeza momwe denga la chipindacho linkakhuthulira mvula pakhoma lakale. Zinali zoona, ndipo Rowland sanali munthu wolimbana ndi zoona. Anatenga yekha hamala yaikulu n'kuchigwetsa. Pabowopo anamangapo miyala, ndipo patatha nyengo ziwiri palibe akanadziwa kuti panali khomo. Pambuyo pake Ketrina analimbikitsa akuluakulu oona za nyumba zakale kuti aiike m'gulu la nyumba zotetezedwa kwambiri. Anavomera, ena mpaka anabwera ndi ophunzira kudzaona.

Tsopano anawaimbira foni akuluakulu omwewo. Bambo yemwe anayankha anali womudziwa, ndipo anamupepesa kwambiri za matendawo. Anati kuboola khoma kapena kukulitsa kakhomo kaja n'zofuna chilolezo, ndipo chilolezo cha nyumba ya mtundu umenewu chimatenga nthawi. Anamukumbutsa mwaulemu kuti zifukwa zotetezera kakhomoko anazilemba ndi Ketrina mwini, ndipo anazilemba bwino.

Mayi Rozina, mayi wamkulu wa mumpingo yemwe ankagwira ntchito yosamalira okalamba, ndi amene anathandiza kupeza fulati ina ku Gorbals. Inali yatsopano, yapansi, ya makomo aakulu ndi bafa lolowa ndi chikuku. Makoma ake anali a mabolodi, ukagogoda ankalira ngati katoni. Achinyamata a mumpingo anasamutsa katundu tsiku limodzi. Rowland atafika anayang'ana denga loyera, anayang'ana mkazi wake, n'kunena liwu lake lija. Analinena tsiku limenelo, mawa lake, ndi masiku onse otsatira, pomusambitsa, pomudyetsa, ngakhale pakati pa pemphero anthu a mumpingo akabwera kudzazonda.

Jessica ndi amene anayambitsa zoti apite naye Rowland ku Wales. Monga mwa chizolowezi chake, amayi ake ankayankhula Chichewa iye n'kumayankha m'Chingerezi cha ku Glasgow. Anati adadi akungofuna kuona kwawo, kuwakaniza ndi nkhanza. Ketrina anati sangalowe. Jessica anati awanyamula. Ketrina anafotokoza kuti pa kakhomoko anthu awiri sangadutse atanyamula wachitatu, poti ukangokwera sitepe uyenera kukhota pomwepo. Apo Jessica anayankhula m'Chichewa, chomwe ankachisungira nthawi ya mkwiyo.

"Munachotsa chipinda cha agogo ndinu, amayi. Ndiye musawauze adadi kuti sizingatheke. Apite akaone okha."

Ketrina anakadandaula kwa Mayi Rozina, akuganiza kuti amuikira kumbuyo. Iwo anamvetsera akupinda zovala za Rowland, ndipo anati pa ntchito yawo aona okalamba ambiri akulirira kwawo. Ena ukawapititsa amakhazikika mtima, ena amabwerako atathyokeratu, ndipo palibe njira yodziwira pasadakhale.

"Koma amake Jessica, mwamunayu ndi wamkulu, mutu wake ukugwira. Mukamubisira, adzaganiza kuti mukumumana dala."

Anabwereka galimoto yokweza chikuku, ndipo ananyamuka m'bandakucha mwezi wa Seputembala, Jessica akuyendetsa. Ulendo unali wautali. Rowland anagona mbali yaikulu ya njira, koma zikwangwani za pamsewu zitayamba kulembedwa m'Chiwelishi anadzuka n'kumaziwerenga mokweza, chimodzichimodzi, malovu akutsika pachibwano. Ketrina ankamupukuta.

Pageti anawadikirira a Matthews, mlimi wa nkhosa wa munda woyandikana nawo, yemwe anaphunzira sukulu imodzi ndi Rowland ndipo ankasunga makiyi. Anagwira dzanja lamanzere la mnzakeyo ndi manja onse awiri, n'kuyankhulana naye Chiwelishi. Kunkawaza mvula. Nyumbayo inali mbee ndi laimu pakati pa msipu, yokongola kuposa momwe Ketrina ankaikumbukira.

Chikuku chinadutsa pakhomo lalikulu mosavuta, malo n'kutsalako mbali zonse. Mumpita anaima. A Matthews ndi Jessica anakweza mawilo akutsogolo pa sitepe, koma chikukucho chinakakamira pa mphuthu za kakhomo. Anayesa chobwerera m'mbuyo, osatheka. Ndiye anaganiza zomunyamula. A Matthews, omwenso anali okalamba, anamugwira m'khwapa, Jessica anagwira miyendo. Atafika pokhota paja, phewa lakufa lija linakhula mwala, mutu unagunda mtanda wapamwamba, ndipo Rowland anakuwa ngati mwana. A Matthews anaterereka. Onse atatu akanagwera pamiyala Ketrina akanapanda kutchinga ndi msana wake. Anamubwezera pachikuku akuwefuka, pachipumi pakutuluka timagazi.

Mvula inali itakula, ndipo malo okha omwe chikuku chikanapita anali kumanzere. Anamulowetsa m'khola. Ketrina anamanga mabuleki n'kuika mwala kutsogolo kwa wilo chifukwa cha kutsetsereka kwa pansi. M'kholamo munali mwaukhondo, mopanda ng'ombe kwa zaka zambiri, koma zikhomo zomangirirapo zinali zikadalipo, chifukwa Ketrina anazikonza zonse. Kuchokera pomwe anakhala, Rowland ankaona mpita, sitepe, ndi kachigawo ka pabalaza kudzera pa kakhomo kaja. Jessica anakasonkha moto kuti bambo ake aziona kuwala kwake. Kutentha sikunafike kukhola.

Anadyera momwemo masangweji omwe anatenga, ataimirira momuzungulira. Rowland sanadye. Ankayang'ana kuwala kwa motowo n'kumatulutsa kaliwu kena mobwerezabwereza, komwe Ketrina anakayesa kubuula kwa ululu wa paphewa. Anafunsa a Matthews ngati pakufunika dokotala. Iwo anati ayi, akungonena kuti kukuzizira. Anavula jekete lawo n'kumufunditsa, kenaka anawonjezera, mosaganiza zopweteka munthu, kuti nyumbayi inali yozizira chiyambire, ndipo ali ana iye ndi Rowland ankathawira kuno kukhola kudzakhala pakati pa ng'ombe. Anati malo okha omwe anakhalapo ofunda m'nyumba yonseyi anali chipinda chija cha a Eva.

Ketrina anatuluka n'kuzungulira kuseri. Anaima pamvula kuyang'ana khoma lomwe panali chipindacho. Ndere zinali zitamera pamiyala yatsopano mofanana ndi pa yakale. Anafunafuna mzere wolumikizira ndi maso, kenaka ndi zala, ndipo iye mwini anavutika kuupeza.

Anagona kunyumba ya alendo m'tauni yapafupi, n'kubwerera ku Glasgow mawa lake. M'njira monse Rowland sanawerenge chikwangwani chilichonse. Atafika ku Gorbals anamusambitsa, anamugoneka, ndipo m'mawa mwake Ketrina atalowa ndi tiyi, Rowland anangomuyang'ana. Za kumudzi sanazitchulenso, tsiku limenelo kapena lina lililonse. Jessica anati mwina mtima wawo wakhazikika. Mayi Rozina atabwera anamuyang'ana wodwalayo, kenaka anangopita kukhitchini kukatsuka mbale.

Nyengo yozizira imeneyo Ketrina anasiya ntchito zina zonse n'kujambula mapulani a chipinda chatsopano. Chinali cha matabwa, choima pachokha kuseri kwa nyumba, cholumikizidwa ndi kampita kagalasi, denga lake lotaya madzi kutali ndi khoma lakale. Anachijambula patebulo la kukhitchini, pakati pa mabotolo a mankhwala, Rowland akagona masana. Inali ntchito yabwino kuposa zonse zomwe anagwirapo, ndipo ankadziwa kuti akanatha kuiganiza kalekale. Anatumiza, anayankha mafunso, anasintha pomwe anamuuza kuti asinthe. Rowland anadwala chibayo kawiri m'miyezi imeneyo, ndipo ulendo wachiwiri dokotala ananena mosabisa kuti munthu wotere sayenera kukhala kutali ndi chipatala chachikulu.

Chilolezo chinabwera patatha chaka ndi miyezi. Pa nthawiyo Chingerezi cha Rowland chinali chitabwererako pang'ono, mawu amodziamodzi. Ketrina anayala mapulani pamiyendo pake n'kumusonyeza pomwe padzakhale bedi, bafa, ndi windo loyang'ana kuphiri. Anamuuza kuti amisiri angayambe mwezi wa Meyi. Rowland anayang'ana pepalalo nthawi yaitali. Anayendetsa chala chakumanzere m'mbali mwa khoma lakale, kuchokera kukhola mpaka ku chumuni, n'kuima. Kenaka anakankha pepalalo pang'onopang'ono mpaka linagwa pansi.

"Rowland, ndikhoza kumanga. Andilola."

"Mochedwa," anatero iye. Sananene mokwiya. Anapempha kuti amuyatsire wailesi.

Ketrina sanawaimbire amisiri. Mapulaniwo anawapinda n'kuwaika pamwamba pa kabati. Masiku ankangofanana: kumudzutsa, kumusambitsa, mafizo Lachiwiri, kutchalitchi Lamulungu ngati kunja kuli bwino. Masana ankamukankha m'mbali mwa mtsinje wa Clyde mpaka pa mlatho n'kubwerera. Jessica ankabwera Loweruka, ndipo iye ndi amayi ake ankayankhulana za mankhwala ndi zogula, osapitirira apo.

Kumayambiriro kwa Epulo kunagwa chipale chofewa mosayembekezereka. Madzulo ena a Matthews anaimba foni. Anati nkhosa zawo zili pakati pobereka, shedi yawo yagwa denga, ndipo ana a nkhosa akufa ndi chisanu. Anapempha ngati angalowetse zina m'khola la nyumba ija kwa masabata ochepa. Anati akudziwa kuti ndi nyumba yotetezedwa ndipo Ketrina anavutika nayo, choncho akakana sadandaula. Ketrina anati nyumbayo mwini wake alipo, afunse iyeyo. Anaika foni pakhutu la Rowland n'kuigwirizira.

Rowland anayankhula nthawi yaitali kuposa tsiku lina lililonse chidwalireni. Mawu ankatuluka mokoka, ena ankamuthawa n'kuwabwerera, koma sanaleke. Pena anaseka. Ketrina anaimirira chowerama, mkono ukuwawa, akutola liwu limodzi apa ndi apo: khola, chumuni, dzina la a Eva. Zina zonse zinamudutsa. Rowland atatopa anapotoza mutu, ndipo Ketrina anatenga foni.

A Matthews anati Rowland wavomera za nkhosa, ndipo wawauza pomwe bambo ake ankasunga udzu wouma. Kenaka anati pali zinanso zomwe wawatuma kuti anene, poti iye Chingerezi chikumuvuta. Wati nyumbayo igulitsidwe. Wati apeze anthu a miyendo yolimba, okhala ndi ana, oti azisonkha moto tsiku lililonse kuti laimu asagwire nkhungu. Watinso amuuze Ketrina kuti nyumbayo ikanagwa pakanapanda iye, ndipo zimenezo aziwauza ogulawo.

Ketrina anathokoza n'kudula foni. Anakhala pampando moyang'anana ndi mwamuna wake n'kumufunsa ngati ndi zomwe wanenadi. Rowland anagwedeza mutu kuvomera. Anamufunsa ngati akufuna kukaionanso isanapite. Anapukusa mutu.

Nyumbayo inagulidwa mwezi wa Ogasiti ndi banja lina lachinyamata la ku Cardiff. Ketrina sanapite kukapereka makiyi, anapereka a Matthews. Mkazi wa wogulayo anamuimbira kangapo m'miyezi yoyamba, kufunsa kasakanizidwe ka laimu ndi chochita ndi utsi ukamabwerera m'nyumba. Ketrina ankayankha zonse bwinobwino, ataima m'kampita ka fulati, chitseko cha kuchipinda atachitseka kuti Rowland asamve. Kenaka mafoniwo anayamba kuchepa, mpaka anasiya.

Rowland anakhala zaka zina ziwiri ku Gorbals. Anamwalira m'chipatala chomwe chija cha ku Govan, chibayo chitamubwereranso, Ketrina ndi Jessica ali pambali pake. Amalawi a mumpingo anadzaza fulati masiku atatu, akuimba mosinthana, mpaka aneba anabwera kudzafunsa kuti womwalirayo anali mfumu ya kuti. Mwambo wonse utatha, anzake a ku ntchito anamuuza Ketrina kuti pali tchalitchi chakale ku Paisley chofuna munthu wodziwa za miyala ndi laimu. Anati aganizira. Lolemba lotsatira anapita ku ofesi ya khonsolo kukafunsa ngati angapitirize kukhala mufulati ya olumala tsopano poti wolumalayo kulibe. Anamuuza kuti pali ena ambiri akudikira.